Asodzi m'shedi ya mapepala

Ntchito ya mapepala ndinaipeza pakhomo pa mzikiti kwa Mponda, Lachisanu lina tikutuluka ku swala ya Ijumaa. Ndinali ndikufunafuna patapata wanga pamulu wa nsapato pamene ndinamva bambo wina wamfupi, wopisira shati m'thalauza, akufunsa aliyense wotuluka ngati akudziwa amuna amphamvu odziwa chingwe. Anthu ankangomudutsa. Ku Mangochi kufunsa odziwa chingwe kuli ngati kufunsa odziwa kumwa madzi, ndiye ambiri ankayesa kuti akungocheza. Ine ndinaima, paja wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko.

Ndinakulira pa khoka. Kwa inu akumtunda, khoka ndi ukonde waukulu umene amakauponya ndi boti pakati pa madzi, amuna n'kumaukokera kugombe ndi zingwe ziwiri zazitali. Ndinakoka khoka cha ku Nkopola kuyambira ndevu zisanamere mpaka ndili ndi ana awiri. Kenaka chambo chinayamba kusowa. Tinkakoka m'mawa wonse mpaka msana kuuma, n'kutulutsa ndere ndi tinsomba tosadzaza ndowa. Mwini khoka atatopa analigulitsa kwa anthu a ku Makanjira, ife n'kutsala titagwira njakata. Pamene ndinkakumana ndi bambo uja, mkazi wanga anali atayamba kundiyankha ndi msana.

"Ndine Chikopa, kapitawo," anatero bamboyo. "Koma si nsomba ayi, ndi mapepala."

"Mapepala ofuna chingwe?" Ndinaseka ndithu.

"Mubwere Lolemba, mudzaseke bwino."

Lolemba sindinaseke. Malowo anali shedi yakale ya thonje kunja kwa tauni, yamalata adzimbiri, yotentha moti pofika masana malaya ankamatira pamsana. M'kati munali mipukutu ya pepala itagona m'mizere. Mpukutu umodzi unkandifika m'chiuno utagona, ndipo kulemera kwake kunkaposa nkhunzi ya ng'ombe. Unali wokulungidwa ndi chipepala chakhaki, pakati pake pali chibowo cha katoni yolimba chodutsa uku ndi uku. Mwini shediyo anali bambo wina wa ku Limbe amene anapata mwayi wopanga makope a sukulu za m'makampu a anthu othawa nkhondo ya ku Mozambiki. Kumapeto kwa shedi kunali makina odula pepala ndi ojambula mizere, ndiponso amayi amene ankapinda makope ndi kuwamenya waya. Ife kumeneko sitinkafikako. Yathu inali kutsitsa mipukutu pa lole, kuisunga, ndi kuikunkhuniza mpaka pa makina.

Sabata yoyamba a Chikopa anatiphunzitsa zimene pepala limaopa: madzi, chiswe ndi kugwa. Mpukutu sugona pasimenti, umagona pamatabwa oyala, chifukwa simenti imatuluka thukuta ndipo pepala limamwa. Sutsamira khoma, umasiya mpata wakuti munthu adutse ndi tochi kuyang'ana njira za chiswe. Pokunkhuniza umatsatira muvi wojambulidwa pachikutiro, ukabwezera kumbuyo pepala limamasuka m'kati n'kukwinyika. Ukafuna kuukhotetsa umaukweza pakathabwa kakang'ono pakatikati n'kuuzunguza pamenepo, osati kuukoka ndi m'mbali. Mgwala, chitsulo chotukulira chija, sukhudza pepala popanda chidutswa cha tayala pakati. Ukaimitsa mpukutu, ngakhale kwa kamphindi koti ukande pamsana, umatsekera ndi tizipika tosema mbali zonse ziwiri. Choopsa kuposa zonse chinali m'mphepete. Mpukutu ukagwera kumphepete n'kutifuka, chilondacho chimalowa m'kati mwa pepala lonse, ndipo pamakina limangoduka pang'onopang'ono mpaka odula kutukwana. Njanji ya ku Nacala inali itatsekedwa ndi nkhondo, ndiye pepala linkazungulira maiko a eni miyezi yambiri lisanatipeze. Ukawononga umodzi, wina wolowa m'malo sumadziwa kuti adzafika liti.

Mwana wanga wamkazi anandionetsa pa foni chaka chatha mmene amasungira mipukutu kumafakitale a kunja masiku ano. Chinyumba chachitali, mulibe munthu ndi mmodzi yemwe. Chikireni chikuyenda chokha kudenga, chikutsika, chikuyamwa mpukutu ndi mpweya n'kukausanja pamwamba pa unzake, kompyuta ikudziwa kuti uti uli pati. Iye ankati ndidabwe. Ine ndinkangoyang'ana pansi pa chinyumbacho, kufuna kuona ngati pali munthu amene waima moyandikira. Nditaona kuti palibe ndinamubwezera foni yake.

Ife kireni yathu inali chingwe cha khonje ndi misana. Lole ikafika, tinkatsamiritsa matabwa awiri ochindikala kuchokera pabodi ya loleyo mpaka pansi, n'kuunjika matayala akale kumapeto kwake. M'chibowo cha mpukutu tinkalowetsa paipi yachitsulo, nsonga zake ziwiri n'kuzimanga ku chingwe chimodzi chachikulu. Chingwecho chinkazungulira kamodzi pachitsulo chochindikala cha kutsogolo kwa bodi, kenaka n'kubwera kwa ife amene tinkaima pansi m'mbali mwa lole, mondondozana. Anthu awiri pamwamba ankakankhira mpukutu pamatabwa, ife n'kumapereka chingwe pang'onopang'ono, mpukutu n'kumatsika ukuzungulira papaipi. Wina ankayenda pambali ndi kachipika m'manja. Ikakhala ntchito yabwino inkaoneka ngati masewera.

Lamulo la a Chikopa pa chingwe linali limodzi. "Chingwe chigone m'manja basi. Osachikulunga pamkono, osachimanga m'chiuno. Ndikati lekani, lekani. Matayala aja ndinawaikira zimenezo."

Apa m'pamene panali vuto, ndipo amene sanakokepo khoka sangalimvetse. Tonse amene a Chikopa anatitola tinali asodzi. Pa khoka chingwe chimakhala chonyowa, choterera, ndiye chinthu choyamba chimene mwana amaphunzira n'kuchikulunga pamkono kawiri n'kugonera chagada. Chachiwiri n'chakuti chingwe sichilekedwa. Mafunde akoke, mwera uwombe, manja atuluke magazi, sungaleke, chifukwa ukaleka mbali imodzi khoka limatseguka ndipo nsomba za mudzi wonse zimabwerera m'madzi. Woleka chingwe amamuimba nyimbo pagombe mpaka kukalamba, ana ake n'kumatchedwa ndi dzina la tsikulo. Ndiye munthu wakuti wakula choncho ukamuuze kuti aleke? Madzi saiwala khwawa. Mkono unkadzikulunga wokha mwini wake akuganiza zina. A Chikopa ankayenda ndi kabango, akaona chingwe pamkono ankakwapula pomwepo. "Kuno si kunyanja, madala!" Inenso ndinalawa kabangoko kangapo, ndevu zili pepeya.

Amene ankakwapulidwa kuposa tonse anali Che Amidu. Anali wamkulu kwa ine ndi zaka zingapo, wamtali, wosalankhula zambiri, wa manja otambalala ngati nkhafi. Chiyao chake chinali chonga chathu, ndiye poyamba ndinkayesa kuti ndi wa cha ku Makanjira. Zenizeni anandiuza tsiku lina masana titakhala pamthunzi wa shedi tikutafuna chinangwa. Anali msodzi wa tsidya lija la nyanja, ku Mozambiki. Mudzi wawo utatenthedwa anathawa pa bwato ndi mkazi wake, Abiti Saidi, ndi ana awiri, mnyamata ndi mtsikana. Anzawo ambiri anakalowa m'midzi mwa abale awo kuno, koma iye tsidya lino analibe ngakhale msuweni, choncho anakathera ku kampu ina ya kumapiri a kumalire. Dzinja loyamba kolera inalowa m'kampumo. Mnyamata uja anayamba kutsegula m'mimba m'mawa, dzuwa lisanalowe anali atapita. Atangomuika m'manda, Che Amidu ananyamula mtsikana wotsalayo, Asiyatu, n'kutsika naye wapansi mpaka ku Mangochi, mkazi wake akutsatira ndi mphasa pamutu.

Lamulo silinkalola kuti munthu wolembedwa ku kampu agwire ntchito kunja. A Chikopa ankadziwa zonsezi koma anatsinzina. Anawapatsa kachipinda ka kuseri kwa shedi kamene kale ankasungiramo masaka, ndipo banjalo linkakhala mmenemo. Asiyatu anali wa msinkhu woyamba sukulu, wowonda, wa chifuwa chosatha. Ankatola tizidutswa ta pepala totsala pamakina n'kumajambulapo nsomba ndi khala.

"Che Bakali," anandiuza Che Amidu tsiku limenelo, poti ndilo dzina langa, "ine kuja sindibwererako ndi mwana uyu. Ndinakwirirako mmodzi, wakwana."

Ndinangomupatsa chinangwa chinali chitatsala.

Chilimwe chili pakati, mpukutu umodzi unatipulumuka. Paipi inaterera mbali imodzi, a Chikopa anakuwa kuti tileke, tinaleka, mpukutu unagunda matayala mokhota n'kugwera kumphepete. Palibe anavulala. Koma mwini wake atabwera kuchokera ku Limbe n'kuona chilondacho, anatiimika tonse padzuwa. Sanafunse kuti zinayenda bwanji. Analoza mnzathu wina amene anamanga paipiyo n'kumuuza kuti azipita nthawi yomweyo.

"Pepala ili layenda miyezi kuti lifike kuno," anatero. "Munthu ndimupeza pa depoti lero lomwe. Wina aliyense akadzandiwonongera, adzatsatira mnzakeyu."

A Chikopa anangoyang'ana pansi. Kuyambira tsiku limenelo mu shedi munali malamulo awiri, la kapitawo lakuti lekani ndi la bwana lakuti ukaleka wapita, ndipo aliyense ankadziwa lomwe lili ndi mano. Kwa ife enafe kuchotsedwa kunali njala. Kwa Che Amidu kunali kutuluka m'kachipinda kaja, ndipo njira yochokera mmenemo inali imodzi yokha, yokwera kumapiri. Anasiya kudya nafe pamthunzi. Masana ife tikupuma iye ankazungulira mipukutu, kugwedeza tizipika, kuyang'ana kudenga ngati malata aboola. Kabango ka a Chikopa kanasiya kumupweteka, ankangoti "Pepani akapitawo," akatembenuka iye n'kukulunganso.

Tsiku loipalo linadza ndi mvula yoyamba. Inagwa yamphamvu m'bandakucha, ndipo pamene lole inkafika chakumasana, bwalo la kutsogolo kwa shedi linali phala lokhalokha. Dalaivala anayesa kubwerera cham'mbuyo mpaka pakhomo, matayala n'kumangozungulira pamodzimodzi. Anakaiimika m'mphepete mwa msewu. Pakati pa msewu ndi bwalo panali ngalande, tsiku limenelo itadzaza madzi ofiira othamanga. Malona a pa lole anali ong'ambika, ndipo kumwamba cha ku Namwera kunali kutadanso bii. A Chikopa anayang'ana mitambo, anayang'ana malona, n'kupukusa mutu. Kudikira kunali kunyowetsa katundu yense. Anati titsitse pomwepo.

Tinagoneka matabwa kuchokera pabodi kudumpha ngalande, nsonga zake n'kuzikhazika pamiyala tsidya linalo, matayala kutsogolo kwake. Pachingwe tinalipo anayi. Ine ndinali patsogolo, Che Amidu kumchira, chifukwa kumchira kumakhala wamphamvu kuposa onse. Mipukutu yoyamba inatsika bwino, anzathu n'kumaikunkhuniza pamatabwa oyala mpaka m'kati. Kenaka kunayamba kuwaza. Khonje likanyowa limaterera pachitsulo ngati lapakidwa sopo, ndiye kulemera konse kumene chitsulo chinkatithandiza kunabwera m'manja mwathu. Ndinamva chingwe chikuwotcha zikhato. Sindinacheuke kuona zimene wakumchira akuchita ndi mkono wake, ndipo a Chikopa maso awo onse anali pamatabwa.

Mpukutu wina uli pakatikati pa matabwa, pamwamba penipeni pa ngalande, tayala la kumbuyo kwa lole linatitimira m'matope. Lole inapendekeka pang'ono chabe, koma thabwa limodzi linasuntha, mpukutu n'kugwedezeka, chingwe n'kutikoka tonse kutsogolo.

"Lekani! Lekani!"

Ndinatambasula manja n'kudumphira kumbali. Awiri a kumbuyo kwanga anachita chimodzimodzi. Tonse tinaona kuti thabwa lakhota ndipo mpukutu sukafika kumatayala, ukagwera m'ngalande. Che Amidu anaonanso. Anaponda zidendene m'matope n'kugonera chagada ngati ali pagombe, chingwe chitakulungidwa kawiri pamkono wamanja. Munthu mmodzi sangaimitse chinthu chotere. Chinamukoka, mapazi akulima matope, anandidutsa pafupi moti ndikanatha kumugwira malaya, mpaka anakagunda bodi. Chingwe chinakwera naye mkono n'kuulowetsa pakati pa chingwecho ndi chitsulo chija. Ndinamva kulira kwa fupa. Mpukutu unaima.

Wallahi, ndikulumbira, zaka zonsezi sindinaiwale mmene unaimira, uli phee pamatabwa, madzi akuthamanga pansi pake, timadontho ta mvula tikugwera pachikutiro. Che Amidu anali lende pambali pa lole, zala zakumapazi zokha zikukhudza pansi. Msodzi sayenda wopanda mpeni, ndiye ndinasolola wanga n'kuthamangira pachingwe.

"Musadule!" Anakuwa ndi mawu amene sindinkadziwa kuti ali nawo. "Che Bakali, musadule! Tsekerani kaye!"

"Mkono wanu, achimwene!"

"Tsekerani!"

A Chikopa anali atalumphira kale m'ngalande, madzi m'mawondo, akukhomera tizipika kunsi kwa mpukutu. Anzathu analowetsa migwala, ena mapewa, n'kuukankhira m'mwamba pang'ono kuti chingwe chifooke. Zonsezi zinatenga nthawi yochepa, koma ine nditagwira munthuyo m'chiuno kuti kulemera kwake kusathere pamkono, ndinkaona ngati tsiku lonse. Chingwe chitamasuka, mkono unagwa ngati si wake. Kuyambira m'chigongono kutsika unali utapindika pamalo pamene mkono supindika. Abiti Saidi anatuluka kuseri kwa shedi akuthamanga, mtsikana ali pambuyo pake. Mmodzi mwa amayi opinda makope anamugwira mwanayo n'kumubisa nkhope m'chitenje.

Tinamunyamula pathabwa mpaka pamsewu waukulu, n'kuimitsa galimoto ya nsomba imene inatifikitsa kuchipatala. Madokotala anayesa, koma mkono unali utaphwanyika kwambiri. Anaudula m'munsi mwa chigongono. Anzathu otsala anamaliza kutsitsa lole madzulo omwewo. Mpukutu uja unalowa m'shedi wopanda ngakhale kachilonda.

Ngozi ya pantchito imafuna apolisi, ndipo apolisi amafunsa kwanu n'kuti, mfumu yanu ndani. Abiti Saidi sankadziwa kunama, ananena zonse. Mwini shedi atamva anabwera ali thukuta, kuopa kuti mwayi wake wa makope uthera pomwepo. Anawauza apolisi kuti munthuyo samudziwa, sanalembedwepo ntchito, mwina ankangothandiza. Atatero analamula kuti kachipinda kaja katsekedwe. A Chikopa anamutsatira mpaka pagalimoto akumuchonderera, chipewa chili m'manja. Ndinamva akunena kuti, "Bwana, munthuyu wataya mkono kupulumutsa katundu wanu." Yankho linali lakuti palibe anamutuma. Ndinakwiya tsiku limenelo moti ndinachoka n'kukakhala kuseri kwa chimbudzi, kuopa zimene manja anga angachite. Ndinali ndi ana awiri, ndipo mawa lake ndinabwera kuntchito ngati wina aliyense.

Ndinakambirana ndi mkazi wanga kuti mayi ndi mwanayo adzakhale kwathu, iye anavomera osanyinyirika. Koma a boma anati ayi, anthuwa abwerere kumene analembetsa, bamboyo akachira adzawatsatira. M'mawa wina lole yonyamula makope inali kupita ku kampu yomweyo, ndiye anati akwere imeneyo. Ndine ndinakweza mphasa yawo, poto ndi ndowa pamwamba pa makatoni. Ndinenso ndinanyamula Asiyatu n'kumukhazika pambali pa mayi ake. Anali wopepuka ngati mtolo wa bango. Ankatsokomola, ndipo anandifunsa ngati akupita kukaona ababa.

Masana omwewo ndinapita kuchipatala. Ndinamupeza Che Amidu atagona choyang'ana kudenga, chotsala cha mkono chitakulungidwa mabandeji. Nkhope inali itagwa, koma atandiona anayesa kudzuka. Sanafunse za mkono, sanadandaule za ululu.

"Pepala lija linanyowa?"

"Ayi."

"M'mphepete?"

"Muli bwinobwino, achimwene."

Anatseka maso n'kupuma mozama. "Alhamdulillah, Mulungu atamandike. Ndiye abwana sandichotsa. Ulonda ndingathe ndi dzanja limodzi, si choncho? Muwauze a Chikopa."

Ine si munthu wozungulira nkhani, ndipo sindinafune kuti adzamve kwa mlendo. Ndinakhala pamphepete pa bedi n'kumuuza zonse, za apolisi, za bwana, za lole ya m'mawa. Anandimvetsera osaphethira. Nditamaliza anafunsa chinthu chimodzi.

"Mwanayo anamufunditsa? Kumapiri kuja kumazizira."

Ndinati eya, ndinaona mayi ake atamufunditsa chitenje. Anatembenukira kukhoma. Ndinakhala pamenepo mpaka anamwino anabwera kudzatulutsa alendo, iye osatembenukanso. Nditatuluka ndinalira panjira ngati mwana, anthu a pa njinga akundiyang'ana.

Atachira anamukweza galimoto ya boma. Ku kampu kunali kutali ndipo kulowa kunkafuna chilolezo, ine ndinali womangika ndi ntchito, ndiye ndinkangotumiza moni kudzera kwa dalaivala wa makope. Nthawi zina ankati wamuona atakhala pamzere wa ufa, nthawi zina ankati sanamupeze. Nkhondo itatha, mabasi anayamba kubweza anthu kwawo, makope anasiya kufunika, ndipo shedi inatsekedwa. Pamenepo m'pamene ndinapeza mpata wokwera kumapiri kuja. Ndinapeza kampu itatsala pang'ono kutha, nyumba zambiri zitasasulidwa madenga, mbuzi zikuyenda m'mabwinja. Ndinafunsa za bambo wamtali wa mkono umodzi, mayi wina wogulitsa tomato anamuzindikira msanga. Anati anakwera basi mwezi wathawo, iye ndi mkazi wake.

"Nanga mwana wawo wamkazi?"

Mayiyo anasanja tomato wake kaye asanandiyankhe. "Anakwera awiri, bambo."

A Chikopa atabwerera ku Limbe ananditenga, ndipo ndinagwira ntchito ya mipukutu m'nyumba zosungiramo katundu za kumeneko mpaka imvi, pomaliza ndili kapitawo inenso. Kunabwera mafokolifiti, timagalimoto tonyamula katundu ta zibano zofinya mpukutu, chingwe chinatsala cha pa lole zakale zokha. Koma chimene ndinatenga ku Mangochi si nkhani ya chingwe ayi. A Chikopa lamulo lawo linali labwino, kabango kawo kanali kabwino, koma munthu amene akuopa kuchotsedwa kuposa mmene akuopera kufa simungamuphunzitse kuleka. Choncho kulikonse kumene ndinkalembedwa ukapitawo, ndinkayamba ndi bwana, osati antchito. Ndinkamuuza pamaso kuti ndikalamula anthu kuti athawe katundu n'kuwonongeka, wochotsedwa ndikhale ine, wina asakhudzidwe. Mabwana awiri anandikana chifukwa cha mawu amenewa. Anthu anga ndinkawauza zomwezo tsiku lawo loyamba, mokweza, bwana akumva.

Nditatsala pang'ono kupuma ntchito, mpukutu wa pamwamba pa mzere unapulumuka pa fokolifiti. Pansi panali bambo wina wa ana asanu amene anali atangoyamba kumene, ndipo ndinaona manja ake akukwera kuti awakhe. Ndinakuwa. Anadumphira kumbali, mpukutu unagwa n'kung'ambika mpaka pakatoni ya pakati, wonse kutha ntchito. Bamboyo anaima akuyang'ana kuofesi ya bwana, n'kuyamba kupepesa. Ndinamugwira manja onse awiri, ndinawatembenuza uku ndi uku, anali athunthu. Ndinamuuza kuti apite akamwe tiyi, ine ndinalowa muofesi.